Gulu Lodikira

Uthenga unalowa pa foni Lachiwiri m'mawa, telala ali ndi mapini atatu pakamwa ndi thalauza la kasitomala pamiyendo. Unali waufupi: makolo onse a ana a mu kafukufuku abwere Lachisanu m'mawa ku chipinda cha misonkhano, ndipo abwere ndi anawo. Anauwerenga kawiri chamumtima, nalavulira mapini aja m'dzanja, kenaka anauwerenganso mokweza, ngakhale kuti womumvera m'kanyumba kosokeramo anali mmodzi yekha, ndiponso woti sangayankhe.

"Wamva iwe? Tsiku lathu lija lakwana."

Mwana wake anali pansi pafupi ndi makina osokera, pamalo pake pa masiku onse. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo chibadwire anali asanatchulepo liwu ndi limodzi lomwe. Kumva ankamva, kuposa ngakhale galu wa aneba. Njinga yamoto ya bambo ake ankaizindikira idakali kuseri kwa msika. Koma kulankhula ayi. Achipatala anati ali ndi otizimu, nafotokoza kuti ubongo wa mwana wotere umagwira ntchito mwanjira yakeyake, ndipo si matenda oti n'kumwera mankhwala. Pakhomo ankangomutcha Kagudumu, chifukwa kuyambira ali wokwawa ankatha tsiku lathunthu maso ali pa gudumu la makina a mayi ake, likamazungulira iye n'kumaseka yekha.

Koma tsopano panali patatha masabata atatu Kagudumu asanaseke. Gudumu linkazungulira, iye osaliyang'ana n'komwe. Ankangokhala atapendeketsa mutu, kenaka mwadzidzidzi n'kuyamba kudzimenya ndi chibakera pamwamba pa khutu lakumanja, kumenya kwenikweni koti wodutsa panja n'kumva. Ukamugwira dzanja lomenyalo, ankadziluma linalo. Chakudya ankachikankha.

Kuchipatala anali atapitako katatu. Dokotala woyamba anaunika m'khutu nati mulibe kanthu, mwina ndi dzino. Wachiwiri anayesa kumutsegula pakamwa, analumidwa chala, nati mwina ndi khutu. Wachitatu sanadzuke n'komwe pampando. Anangoti, "Ana amenewa ndi mmene amachitira, mayi, muzolowere," n'kulemba mankhwala ochepetsa ululu. Muzolowere! Munthu kukhala pa sukulu zaka zonsezo, maphunziro ake n'kudzathera pa mawu oti muzolowere. Telala anatuluka m'chipindamo atapsa mtima, chifukwa ankadziwa kuti mwana wake akumva kuwawa penapake, kungoti analibe njira yonenera kuti ndi pati.

Chonsecho njirayo inalipo, ndipo telala anali ataiona ndi maso ake.

Zaka ziwiri m'mbuyomo, anthu a ku yunivesite anayambitsa kafukufuku m'nyumba ina yakale kuseri kwa chipatala. Anasonkhanitsa ana makumi anayi osalankhula ngati Kagudumu. Anali ndi chipangizo chonga foni yaikulu, chodzaza ndi tizithunzi: kapu ya madzi, chimbudzi, bedi, nkhope yolira, ndi thupi la munthu kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Mwana akagunda kachithunzi, chipangizocho chinkanena mawu ake mokweza, m'chiyankhulo cha pakhomo pomwe, osati cha kunja. Eni ake anali nalo dzina lake lalitali, koma makolo ankangoti cholankhulira. Funso la kafukufuku linali limodzi: kodi chimathandizadi? Kuti adziwe, anati ana agawidwe pawiri. Theka lilandire nthawi yomweyo pamodzi ndi owaphunzitsa, theka lina lidikire zaka ziwiri, kuti pomaliza aone kusiyana kwake. Odikirawo adzalandira zawo kafukufuku akatha. Ananena zimenezi pamaso pa aliyense, ndipo zinalembedwa papepala.

Pofuna kupewa kukondera, kholo lililonse linatola envulopu yomata m'katoni. Telala anapisa dzanja pansi penipeni, natulutsa kapepala kolembedwa kuti gulu lodikira. Tsiku limenelo analira m'basi njira yonse, mpaka kondakitala anachita manyazi kumufunsa za ulendo.

Koma anadikira, ndipo kudikira kwake kunali kokhulupirika mpaka kufika popusa. Mwezi uliwonse kunkabwera mtsikana wa kafukufuku, wamagalasi, waulemu kwambiri, amene makolo anamutcha chemwali wa mafomu. Ankakhala pampando wa makasitomala n'kumafunsa mafunso makumi atatu omweomwewo, telala n'kumapereka mayankho omweomwewo, makina ataima, ntchito ikudikira. Mwezi wachinayi chemwaliyo anapeza zithunzi zitamatidwa pakhoma. Amene anazidula m'manyuzipepala akale anali mng'ono wake wa telala, mphunzitsi wa ana aang'ono: kapu, mbale, nsapato, chitseko. "Asisi, m'malo mongopinda manja, tiyeni tiyambe ndi izi," anatero mphunzitsiyo. Ndipo pomafika chemwali wa mafomu, Kagudumu anali atayamba kuima pa chithunzi cha kapu n'kumachisisita akamva ludzu.

Chemwaliyo ataona khomalo, nkhope inagwa.

"Mayi, pepani kwambiri, koma izi zisokoneza zotsatira. Inu muli m'gulu lodikira. Mukasintha zinthu pakhomo, sitidzadziwa ngati cholankhulira chimathandiza, ndiye ana onse adzataya mwayi. Komanso mwina angakuchotseni mu kafukufuku."

Mawu oti kuchotsedwa ndiwo anamuopsa. Tsiku lomwelo anamatula zithunzi zonse nakazitaya kudzala. Anakangana ndi mng'ono wake mpaka kutha mwezi osapatsana moni. Kagudumu anaima pakhoma lopanda kanthulo masiku angapo, akusisita pamene panali kapu paja, kenaka anasiya.

Pa miyezi itatu iliyonse ankapita naye ku nyumba ya kafukufuku kukamuyeza, ndipo pa benchi yodikirira ankakumana ndi dalaivala wa basi, bambo wojintcha, woseka ngati lole yokwera mtunda. Iyeyo anatola envulopu yabwino. Mwana wake wamkazi, msinkhu umodzi ndi Kagudumu, ankayenda cholankhulira chili pachifuwa. Miyezi yoyamba ankangochinyambita. Kenaka tsiku lina, pa benchi pomwepo, anagunda, chipangizo n'kunena kuti, "Ndikufuna madzi." Chaka chisanathe chinkanena kuti, "M'mimba mukuwawa," "Phokoso lachuluka," ngakhalenso "Ababa, chokani." Adalaivala ankanyadira ngakhale kuthamangitsidwako.

"Atelala, limbani mtima," ankatero. "Nanunso nthawi yanu ikubwera. Mudzatopa naye ameneyu, adzakuuzani kuti mathalauza mumasoka okhota."

Telala ankaseka nawo nsanje ikumudya m'kati, ndipo kwa mwamuna wake sankabisa kuti ndi nsanje.

Ndiye uthenga uja utafika, anakankhira pambali zovala za anthu nasoka kachikwama ka nsalu yolimba, koika thonje m'kati kuti chipangizo chikagwa chisasweke, ndi lamba wokolekera m'khosi. Muyeso anali atautenga kalekale ndi zala, mobisa, pa cholankhulira cha mwana wa adalaivala. Mwamuna wake, wowotcherera zitsulo, sakanatha kujomba kuntchito Lachisanu, koma potuluka anaima pakhomo, chisoti chili m'manja.

"Mayi a Kagudumu, akangoyamba kulankhula mumuuze asayambe ndi kuulula za ine."

Nthabwalayo inamuthera pakamwa, poti mwana anali atayambanso kudzimenya. Anamuyang'ana kwa kanthawi, kenaka anati, "Choyamba mukamufunse pamene pakuwawa. Zinazo tidzamva pambuyo."

Chipinda cha misonkhano chinali ndi mipando yapulasitiki, fani imodzi yolira kudenga, ndi tebulo lokutidwa nsalu yoyera pomwe anaikapo tiyi ndi mabisiketi. Ana makumi anayi otere, onse m'chipinda chimodzi chaphokoso! Amene anakonza zimenezi anali atawerenga mabuku ambiri, koma anali asanakhalepo nyumba imodzi ndi mwana wotseka makutu. Ena ankalira, ena ankazungulira mipando, wina anali atalowa kunsi kwa tebulo osafuna kutulukako. Telala anakhala kutsogolo, Kagudumu ali pakati pa mawondo ake, dzanja lomenya lija atalipanira. Pakona panali katoni yaikulu yotsegula, ndipo anaganiza kuti zolankhulira zawo zili mmenemo. Atasuzumira anaona kuti mulibe kanthu, nadzitonthoza kuti mwina zidakali m'galimoto.

Anaimirira apulofesa, mkulu wa kafukufukuyo, mayi wa imvi, wovala jekete lotuwa limene telala anaona msanga kuti m'zigongono latha. Anathokoza makolo, anathokoza yunivesite, anathokoza chipatala, anathokoza mpaka wophika tiyi. Kenaka anayatsa makina oonetsa zithunzi pakhoma, ndipo panaoneka mizere iwiri. Wofiira unkakwera ngati masitepe. Wabuluu unali chigonere pansi, kuchokera kumanzere mpaka kumanja.

"Wofiirawu ndi ana amene analandira zolankhulira," anatero apulofesa, akuloza ndi cholembera. "Wabuluuwu ndi amene anadikira. Mukuuona mpata uwu pakati pake? Umenewu ndiwo umboni. Cholankhulira chimathandiza, ndipo tsopano palibe amene angatitsutse."

Anthu anaomba m'manja. Telala, poti dzanja limodzi linali litagwira mwana, anaomba pantchafu.

Apulofesa anamwa madzi, napinda pepala lawo pawiri, nalipindanso. Anati pali nkhani ina yovuta. Bungwe limene linkapereka ndalama za kafukufuku lasintha zolinga zake, ndipo gawo lachiwiri, loti odikira alandire, silinavomerezedwe. Analembera mabungwe ena khumi ndi limodzi. Anayankha awiri okha, onse kukana. Ophunzitsa ana ntchito yawo ikutha kumapeto kwa mwezi. Pulogalamu yotulutsa mawu m'zolankhulira ndi yolipira chaka ndi chaka, ndipo osalipira mawuwo amazima okha. Zipangizo zenizenizo ndi za bungwe lija, ndipo pangano limati kafukufuku akatha zibwezedwe, zifufutidwe, zitsekeredwe m'chipinda chosungira katundu mpaka eni ake adzanene.

"Choncho a gulu loyamba, tikupemphani kuti potuluka muike zolankhulira m'katoni iyo."

Makolo onse anatembenukira ku katoni ija. Ana okha ndiwo anapitiriza zawo, ndi fani ija kudenga.

"Mwati bwanji, mayi?" anafunsa adalaivala kuchokera kumbuyo, mawu ang'onoang'ono osayenerana ndi thupi lawo.

Apulofesa asanayankhe, telala anali ataimirira. Sanakweze dzanja, sanapemphe mwayi.

"Bwezeranipo chithunzi chija."

"Mayi, mafunso tikhala nawo pa..."

"Ndati bwezeranipo chithunzi chija."

Mizere iwiri ija inaonekanso pakhoma. Telala anayenda akukoka mwana wake, nakaika chala pa mzere wapansi.

"Uyu ndani?"

"Limenelo ndi gulu lodikira, mayi."

"Ayi. Uyu ndi mwana wanga, uyu ndamugwirayu. Mzere umenewu ndaugoneka ndine, ndi manja angawa. Unayamba kudzuka mwezi wachinayi, mwana atadziwa kapu pakhoma, ine n'kuupondereza kuti ugone, chifukwa munandiuza kuti ndikapanda kutero mundichotsa. Ndinang'amba zithunzi za mwana wanga n'kukataya kudzala. Ndinadana ndi mng'ono wanga wa bere limodzi. Ndinamuyang'ana mwana akusisita khoma lopanda kanthu mpaka kusiya, kuti inu lero mudzaime apa ndi cholembera n'kumati mukuuona mpatawu. Ndauona, mayi. Ndimagona nawo mpata umenewu, ndimadzuka nawo. Ndipo ine chitsiru ndaomba nawo m'manja!"

Apulofesa anakwinya nkhope. "Zithunzi zanji? Ndani anakuuzani kuti muchotse zithunzi?"

Telala sanatchule munthu. Anangotembenuka, ndipo makolo ena angapo anatembenukira komweko, kumene chemwali wa mafomu anaima pafupi ndi tiyi atafumbata mulu wa mapepala pachifuwa.

"Lamulo linali loti odikira asagwiritse ntchito chipangizo china chofanana ndi chathu," anatero apulofesa pang'onopang'ono, maso ali pa mtsikanayo. "Za mapepala a pakhoma sitinaletsepo. Sitikanaletsa. Iwe, unawauza chiyani anthuwa?"

Chemwali wa mafomu anavula magalasi, misozi ili kale m'masaya.

"Munkanena nokha, apulofesa, kuti mpata ukadzakhala waukulu sangadzatimane ndalama za gawo lachiwiri. Ndinkaopa kuti odikira akayamba kusintha, mpata uchepa, ndiye tikanidwa, ana onsewa osalandira kanthu. Ndinkati ndikuwathandiza."

"Makomo angati?"

"Onse amene ndinapezamo zinthu zotere. Asanu ndi awiri."

"Kwathu munatiletsa ngakhale kumuphunzitsa kuloza ndi chala!" anakuwa gogo wina amene ankalera mdzukulu. Bambo wina anakankha mpando mpaka unagwa. Telala anamuyang'ana mtsikanayo ndipo anafuna kumuda, koma chidani chinakana kukhazikika pa kamunthu koonda kameneko, kovala nsapato zakutha ndi kuyenda m'makomo a anthu, kamene nakonso ntchito inali kutha kumapeto kwa mwezi. Zimenezi zinamupsetsa mtima koposa. Munthu walakwiridwa chonchi, n'kusowa ngakhale woti amutukwane mokwanira.

Anabwerera kwa apulofesa.

"Ndiye mwati zolankhulira makumi awiri zikagone m'chipinda chokiya. Ana odikira alipo makumi awiri. Sukulu sindinapite nayo patali, koma pamenepa ndikutha kuwerenga."

"Si zanga, mayi. Ndipo popanda mawu ake ndi owaphunzitsa, ndi magalasi chabe."

"Munalonjeza."

"Ndinalonjeza, poti nanenso ndinalonjezedwa." Apa mawu a apulofesa anasintha, ulemu wa pamsonkhano unawathera. "Mukuganiza kuti ine sindikupsa mtima? Zaka makumi awiri ndakhala ndikugogoda m'maofesi ndi nkhani ya ana amenewa. Amandipatsa mpando, amandipatsa tiyi, kenaka amandifunsa kuti chaka chatha amwalira angati ndi otizimu. Ndikati sapha, amati ndiye dikirani kaye, tili ndi zofulumira. Mabuku amene ndinaphunzira analembedwa poona ana a maiko olemera, olankhula ziyankhulo zina, okhala m'nyumba zina. Ana a m'misewu yathu ino sitikudziwa n'komwe kuti alipo angati, chifukwa ngakhale kuwawerenga kumafuna ndalama. Mawu a m'zolankhulirazi tinajambula tokha, m'chipinda chosungira matsache, titatchinga zenera ndi bulangete. Ndinkati ndikawapatsa umboni andimvera. Umboni ndi uwu pakhomapa. Andiyankha kuti zikomo, ntchito yabwino, tidzaona chaka china."

"Kani nanunso muli m'gulu lodikira," anatero telala.

"Ndili momwemo."

"Koma inu mukamadikira, palibe amene amadziphwanya mutu pamiyendo panu."

Telala anavula kachikwama kaja m'khosi nakaponya patebulo, pakati pa makapu, tiyi n'kutayikira pa nsalu yoyera.

"Tengani. Ndinayeza bwino, chikwana. Muzikasungiramo umboni wanu."

Pamenepo Kagudumu, amene phokoso linali litamukwana kalekale, anapulumutsa dzanja nadzimenya kawiri motsatizana, nagwa pansi akukuwa. Telala anagwada kumufungatira. Atakweza maso anaona adalaivala ataima pambali pake, cholankhulira chili m'manja, mwana wawo akuwakoka malaya kuti am'bwezere.

"Atelala, chisanalowe m'katoni, yesani. Chithunzi cha thupi chili apa. Uyu wanga anatiuza nacho za m'mimba."

Telala anachilandira ndi manja awiri. Chinali chopepuka kuposa mmene ankaganizira zaka zonsezi, chofunda, chokalikakalika m'mbali. Pagalasi panali thupi la mwana lojambulidwa, manja atatambasula. Anachiika pamaso pa Kagudumu.

"Mwanawe, taona. Taona kuno, bambo wanga. Pakuwawa pati? Gunda apa."

Kagudumu sanayang'ane. Mayi ake anamugwira chala nachifikitsa pa khutu la chithunzi.

"Khutu," chinatero cholankhulira, ndi mawu osangalala a mwana wa munthu wina.

"Khutu? Ndi khutu?"

Anasunthira chalacho pakamwa.

"Dzino."

"Kapena dzino? Tandiuza, mwanawe!"

"Mutu. Diso. Dzino. Khutu."

Chinkanena chilichonse chimene telala wagunditsa, ndipo telala ankadziwa bwino lomwe kuti akulankhula ndi iye mwini, osati mwana. Anasiya chalacho kuti chiyende chokha. Kagudumu anachigwira chipangizocho, nachitembenuza chadodolido, nakanda kumsana kwake ndi chikhadabo, kenaka anachikankha ngati mmene ankakankhira mbale ya chakudya. Kwa iye chinali chinthu chabe chimene chatchinga kumaso.

"Tayesanso, iwe! Kamodzi kokha!" Telala anazindikira kuti akumukalipira mwana wodwala pamaso pa anthu, ndipo manyazi anasakanikirana ndi mkwiyo.

Chemwali wa mafomu anali atagwada chapatali pang'ono.

"Mayi, lero sizingatheke. Mwana amayenera kuphunzira kaye kuti chithunzi chimaimira chinthu chenicheni. Zimatenga miyezi inayi kapena isanu, tsiku ndi tsiku."

"Miyezi isanu," anatero telala, osamuyang'ana. "Ine ndinakupatsani makumi awiri ndi inayi."

Mwana wa adalaivala anatola cholankhulira chake pansi, nachipukuta ndi diresi, nagunda mofulumira, zala zikudziwa njira.

"Changa," chinatero. "Changa. Phokoso lachuluka. Ababa, tiyeni kunyumba."

Adalaivala anayang'ana katoni, nayang'ana mwana wawo, kenaka apulofesa.

"Sindiika m'katoni. Itanani apolisi ngati mukufuna."

"Sindiitana aliyense, bambo. Koma ngakhale mupite nacho, mwezi ukatha chizima chokha."

"Ndiye ndimuuze bwanji?" anafunsa bambo wojintcha uja. "Muli tizithunzi mazana atatu umu, ndimatidziwa tonse. Mulibe koti mawu ako atha. Ndigunde pati kuti amve?"

Makolo ena anayamba kupita ku katoni mmodzimmodzi, anthu omvera, ozolowera kuuzidwa zochita, akulanda zolankhulira m'manja mwa ana awo, anawo akukuwa ndi kukakamira malamba. Wophika tiyi, posowa chochita, anayamba kugawa mabisiketi. Telala sanafune kuona zambiri. Pamwamba pa khutu la Kagudumu khungu linali litang'ambika ndipo magazi ankatsikira m'khosi la malaya. Anamunyamula, mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo mwake, natuluka osatsanzika.

Panja dzuwa linali pamutu. Chipatala chinali tsidya lina la bwalo loimikapo magalimoto, ndipo analunjika komweko, poti kwina kunalibe. Foni inalira m'thumba. Anadziwa kuti ndi mwamuna wake, wapeza mpata pa nthawi yopuma kuti amve ngati mwana wanena kanthu. Anaisiya ikulira mpaka inatopa.

Mzere wa odwala unali utafika pakhonde. Anaima pamenepo ola lathunthu ndi theka, akusintha mwana phewa ili ndi ili, anthu akumutalikira ndi kumuyang'ana cham'mbali monga amachitira nthawi zonse. Mayi wina ananong'oneza mnzake kuti ana ena n'kuwalekerera. Masiku ena telala akanamuyankha mpaka mayiyo akanasowa pobisala, koma lero mkwiyo wake unali waukulu kwambiri woti sakanauwonongera pa munthu ngati ameneyo.

Atafika pa tebulo lolandirira odwala anapeza namwino wachilendo, wankhope yachifundo, amene anali asanamuonepo Kagudumu. Namwinoyo anapukuta magazi aja ndi thonje, mofatsa, nawerama mpaka kufanana ndi mwanayo msinkhu.

"Bambo wamkulu, tandiuzani, pakuwawa pati?"

Anadikira akumwetulira.

"Salankhula," anatero telala.

"Oo, pepani." Namwino anaweramuka, natenga cholembera ndi khadi la odwala. "Ndiye mundiuze inuyo, mayi. Pakumuwawa pati, kuti ndidziwe kokutumizani? Kwa a makutu, kwa a mano, kapena kwa a mutu?"

Cholembera chinaima pamwamba pa khadi. Kumbuyo anthu anayamba kusuntha mapazi ndi kutsokomola.

"Sindikudziwa."

"Ngakhale kungoganizira? Inu ndinu mayi ake, mumakhala naye."

"Ndine mayi ake, ndimakhala naye, ndipo sindikudziwa. Lembani zomwezo."

Namwino anazengereza, kenaka analemba. Kagudumu anakwezanso chibakera, ndipo telala analowetsa dzanja lake pakati pa chibakeracho ndi mutu wa mwana, nalisiya pomwepo.